Nyumba ya Makomo Ambiri

(Mau a mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi, onenedwa pa msonkhano wa madzulo, tsiku lachiwiri la Jubili)

 Dzulo munamva mbiri ya chalichi chathu, ndi ya belu lache, ndi maina a iwo amene anayamba nchito pamalo pano. Lero akulu a Jubili atipatsa ife aphunzitsi a m'sukulu za kumidzi kanthawi kakuti tinenepo za chinthu china chakale. Ndipo titapangana, tinasankha kunena za nyumba. Si nyumba ya mfumu iai, kapena ya mwini chuma, koma ya anthu a nchito. Ndiponso iri kutali, tsidya lija la nyanja yamchere. Mutilezere mtima, pakuti tikapita kutaliko tidzabweranso, ndipo pobwera tidzafikira kuseri kwa chalichi chathu chomwechi.

Ana ambiri m'sukulu zathu, tikawafunsa kumene kuli Blantyre, ayankha msanga kuti ndiwo mzinda wathu wa Kabula. Sanama anawo, koma dzinalo nlobwereka. Blantyre woyamba ndiwo mudzi wa ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, mtunda wa mailosi 8 kuchokera ku mzinda waukulu wa Glasgow. M'mudzi umenewo munabadwa David Livingstone pa 19 Marichi 1813. Ndipo pamene amishoni a Church of Scotland anamanga mishoni yao m'dziko la mfumu Kapeni m'chaka cha 1876, anaitcha Blantyre, kuti akumbukire kwao kwa munthuyo. Nyumba imene anabadwiramo ikali chiimire kufikira lero lino, ndipo dzina lache ndi Shuttle Row.

Mudziwo unakula chifukwa cha thonje. M'chaka cha 1785 munthu wa malonda, dzina lache David Dale, anamanga pamenepo fakitale yopota thonje, pakuti madzi a Clyde anali ndi mphamvu yakuzunguza magudumu a makina. Pambuyo pache fakitaleyo inalowa m'manja mwa banja la Monteith, ndiwo anali eni ache m'masiku a Livingstone. Koma makina sayenda okha. Afuna manja mazanamazana, ndipo manjawo afuna pogona. Anthu anadza kuchokera kumapiri ndi kuzisumbu kumene kunali umphawi. Agogo ache a Livingstone anachoka pa chisumbu cha Ulva m'chaka cha 1792, nadza ndi ana ao kudzafuna nchito. Tsono eni fakitale anamangira anthu amenewa nyumba zolumikizana m'mizere, khomo pambali pa khomo linzache, denga limodzi. Shuttle Row ndi umodzi wa mizereyo. Dzinalo lichokera ku kamtengo konga bwato laling'ono kamene kanyamula ulusi uku ndi uku poomba nsaru. Ndipo liu lachiwirilo litanthauza mzere, kapena laini monga tinena kwathu kuno.

Munthu angafunse, anamangiranji motero, osapatsa banja liri lonse nyumba yacheyache monga tichita kumudzi? Zifukwa zache nzosabisika. Khoma limodzi likaimirira mabanja awiri, miyala ndi ndalama zichepa. Dziko lija nlozizira koopsa, ndipo chipinda chokhala pakati pa zinzache chisunga kutentha koposa nyumba yoima payokha pamphepo. Chachitatu nchimene eni ache sananene mokweza: anthu akakhala pamodzi pafupi ndi chipata cha fakitale, belu la m'mamawa liwapeza onse, ndipo mwini nchito ndiyenso mwini nyumba, ukataya nchito, wataya ndi pogona pomwe. Zitatu zonsezi munthu akhoza kuziwerenga pa makoma a nyumbayo, ngakhale asanatsegule buku.

Maonekedwe ache, monga tawaona m'zithunzi, ndi awa. Ndi nyumba yaitali, yosanjikiza katatu, yomangidwa ndi miyala, yomatidwa kunja ndi njereza yoyera kuti mvula isalowe m'miyalamo. Padenga pali mapale a mwala wakuda, mwala womwe uja wa masileti amene akulu ena muno analembapo A ndi B. Makwerero ache sali m'kati monga m'nyumba za olemera, koma ali m'nsanja ziwiri zobulungira zotulukira kunja kwa khoma, zonga nkhokwe zazitali, ndipo munthu akwera mozungulira kufikira pamwamba. Mmisiri anachita dala kotero, kuti makwerero asadye malo a zipinda. Palibe chokometsera chiri chonse, ngakhale maluwa osema, ngakhale chipilala chonyadira. Kukongola kwache kuli m'mazenera olingana, oima m'mizere yoongoka, ndi m'nsanja ziwirizo. M'nyumba imeneyi munakhala mabanja 24, banja liri lonse chipinda chimodzi.

Chipinda chimodzi! Chija anabadwiramo Livingstone chiri pamwamba penipeni, ndipo utali wache ndi mapazi 14, kupingasa kwache mapazi 10. M'khoma muli mapanga awiri oikamo makama, ndipo pansi pa makamawo ankasungapo timakama ta magudumu timene ankatikoka usiku kuti ana agonepo. Moto wophikira unali momwemo, podyera momwemo, pochezera ndi popempherera momwemo. Madzi ankatunga panja ndi kukwera nawo makwerero ozungulira aja, ndi zimbudzi zinali panja.

Ife tinawerenga manambala amenewa kangapo osamva kanthu mumtima, pakuti nambala papepala siipweteka munthu. Koma tsiku lina, pophunzitsa za miyeso, tinatulutsa ana panja, tinatenga chingwe ndi phulusa, ndi kulemba pansi pabwalo la sukulu chipinda cha mapazi 14 ndi 10. Tinapatula malo a makama awiri, ndi a moto, ndi a gome. Pamenepo tinaitana ana 7, awiri akhale atate ndi amai, 5 akhale ana, monga analiri ana amene anakula m'banja la Neil Livingstone ndi mkazi wache Agnes. Analowa akuseka; koma titawauza kuti agone, kuseka kunatha. Mtsikana wina anafunsa kuti, Aphunzitsi, nanga mphala ya anyamata inali kuti? Tinati kunalibe. Nanga khichini? Kunalibe. Nanga pabwalo pakuti amai asinjirepo? Tinati pansi, utatsika makwerero onse. Mwanayo anati, Ndiye kuti ife kwathu tiri ndi malo ambiri kuposa Mzunguyo. Ndipo ananena zoona. Tsiku limenelo tinazindikira kuti chingwe ndi phulusa zinaphunzitsa chimene ife tinalephera kuphunzitsa ndi pakamwa zaka zambiri; ndipo ngati phulusa lichita chotero, koposa kotani nanga makoma enieniwo, munthu ataimirira m'kati mwao?

Kumbukirani tsono moyo wa mnyamata wa m'chipinda chotere. Ali ndi zaka 10 analowa nchito m'fakitale, ndiyo nchito yolumikiza ulusi ukaduka pa makina. Ankayamba 6 koloko m'mawa, nawerukira 8 koloko usiku, masiku 6 pa sabata. Ataweruka ankapita kusukulu ya fakitale kufikira 10 koloko, nabwera kunyumba kudzawerenganso kufikira pakati pa usiku, mpaka amai ache atamlanda buku. Ndi malipiro ache oyamba anagulako buku la galamala ya Chilatini. Mbiri imeneyi tonse tinaimva m'kalasi, ndipo aphunzitsi tiikonda poopseza nayo ana aulesi. Koma taganizani kuti anthu ena m'nyumba zija anali kugona pomwepo, mtunda wa dzanja limodzi, ndipo kuseri kwa khoma kunali banja lina, ndi pansi lina, khanda likulira, wodwala akutsokomola. Kusukulu ya usikuyo sanali yekha; ana ena a m'mizere yomweyo anakhala naye pa benchi, otopa chimodzimodzi, ndipo ochuluka a iwo anakalambira pa makina. Iye anatuluka, naphunzira za mankhwala ku Glasgow kuyambira 1836, nanyamuka ulendo wa ku Africa m'chaka cha 1840. Anzachewo mbiri yao siinalembedwe m'mabuku athu. Chimene chatsala cha iwo ndicho nyumbayo.

Pali chinthu china chimene nyumbayo ichitira umboni, ndipo sichikoma kuchimva. Thonje lambiri lopotedwa m'mafakitale a ku Scotland masiku amenewo linalimidwa ndi akapolo akuda m'minda ya ku America ndi zisumbu za West Indies. Chotero mwana amene anadzakula kudana ndi malonda a akapolo, amene anaona magoli pakhosi pa anthu a kwathu kuno, anayamba moyo wache ndi kulumikiza ulusi wa thonje la akapolo, ndipo miyala ya nyumba yache inagulidwa ndi phindu la thonje. Pofika ku chigwa cha Shire m'chaka cha 1859 anapeza Amang'anja alikulima thonje lao, kupota ndi kuomba nsaru. Nchifukwa chache maso ache anakhala pa thonjelo msanga, pakuti analidziwa ndi zala kuyambira ubwana.

Tsono nyumba inapulumuka bwanji? Fakitale inatsekedwa m'chaka cha 1904, ndipo mudzi wa anchito unayamba kuonongeka. Mizere ina inagwetsedwa. Shuttle Row inasanduka bwinja lokhalamo amphawi, yakuda, yodontha, kufikira akulu a boma anaiweruza kuti siiyeneranso kukhalamo anthu. M'zaka za m'ma 1920 inatsala pang'ono kugwetsedwa. Pamenepo mbusa wina, James Macnair, pamodzi ndi anzache, anayamba kupempha thandizo m'dziko lonse la Scotland. Ndipo pakati pa opereka panali ana a Sande Sukulu ndi timakobiri tao. Anagula malowo, ndipo mmisiri wolemba mapulani a nyumba, Frank Mears, anaikonza kuti ikhale nyumba yosungiramo zachikumbutso. Inatsegulidwa pa 5 Okotobala 1929 ndi Duchess of York, yemwe uja anadzakhala amai a Mfumukazi Elizabeth II, nadzacheza kuno ku Nyasaland m'chaka cha 1957.

Apa tinene maganizo athu poyera. Livingstone akadapanda kubadwiramo, nyumbayo ikadagwa monga zinagwera zinzache, ndipo palibe akadalira. Anthu anaisunga chifukwa cha munthu mmodzi. Koma poisunga anasunga chinthu chachikulu koposa chimene analinga. Nyumba za mafumu ndi za olemera zisungika zokha, popeza eni ache ali ndi ndalama, ndipo aliyense aona kuti nzokongola. Za anthu wamba ndizo zitha, pakuti zimangidwa zambiri, zofanana, ndipo aliyense ayesa kuti inzache ikalipo kwina. Tsiku lina adzidzimuka kuti yatsala imodzi, kapena palibe. Lero munthu wofuna kudziwa makhalidwe a opota thonje a ku Blantyre zaka 200 zapitazo, kutalika kwa denga lao, kuchepa kwa zenera lao, makwerero amene amai anakwerapo ndi ndowa, ali napo pakupita. Mabanja 23 aja osadziwika maina analowa m'chikumbutso pamsana pa mnansi wao.

Boma la Scotland linalemba nyumbayo m'kaundula wa nyumba zakale, m'gulu loyamba lotchedwa Category A. Ndiko kuti mwini wache sangaigwetse kapena kuisintha maonekedwe popanda chilolezo. Koma lamulo siliphimba denga. Nyumba yakale ifuna dzanja masiku onse, ndipo m'chaka cha 2017 anaitseka kuti aikonzenso, naitsegula m'mwezi wa Julaye 2021, atatayapo mapaundi 9.1 miliyoni. Pokonzanso anasinthanso kafotokozedwe ka mbiri m'katimo, kuti amveke bwino maina a Susi, Chuma ndi Jacob Wainwright, amene anali pakati pa onyamula mtembo wache kuchokera kwa Chitambo m'chaka cha 1873 kufikira kunyanja yamchere, ndi dzina la mkazi wache Mary. Ndalama zimenezo ife sitidzaziona ndi maso, ndipo sitinazitchule kuti tizisirire. Tazitchula kuti mudziwe kuti anthu amene akhoza kumanga nyumba zatsopano zosawerengeka anayesa chipinda cha mmphawi chinthu choyenera mtengo wotere.

Tibwerere kwathu tsopano monga tinalonjeza. Ife Amalawi sitiri osadziwa kusunga nyumba. Mandala House, yomangidwa m'chaka cha 1882, ikalipo. Chalichi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott anamanga ndi anthu a kuno kuyambira 1888 kufikira 1891, alendo adza kudzachiona kuchokera kutali, ndipo chiyeneradi. Koma amene anaumba njerwa zache, naziotcha, nazisenza pamutu, anagona m'nyumba zotani? Ndi agogo athu amene anathyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, nakhala m'malaini a pa esiteti, kapena amene anapita ku migodi ya Johannesburg nagona m'komponi, ana athu adzaona kuti chitsanzo cha pogona pao? Timva nao manyazi malainiwo, chifukwa atikumbutsa masiku a kusauka ndi a kulamulidwa. Manyazi omwewo anali nao anthu a ku Blantyre wa ku Scotland pamene anafuna kugwetsa Shuttle Row.

Kuseri kwa chalichi chino, kupitirira mitengo ya mango, kuli laini ya makomo 6, ya njerwa zootcha, ya khonde limodzi lalitali. Nonse muidziwa. Ana aitcha nyumba ya mileme, ndipo mbuzi zigona pakhonde pache. Inamangidwa m'masiku a agogo athu, kuti aphunzitsi ndi alaliki a kumidzi, pobwera kumishoni kudzaphunzira mwezi wa sukulu ya aphunzitsi, akhale ndi pogona pamodzi ndi akazi ao. Tamva kuti pali maganizo akuti itatha Jubili laini igwetsedwe, njerwa zache zikalowe m'maziko a holo yatsopano. Amene anaganiza chotero sitiwatsutsa ngati anthu oipa; holo tiifuna tonse, ndipo dzulo lomweli ena a inu munadyera padzuwa. Koma tipempha kuti musanagwire chitsulo chogumulira, muyambe mwaona chimene muli nacho.

Ife tinapitako sabata latha ndi chingwe chathu chija. Chipinda chiri chonse tinachipeza chocheperako pang'ono kuposa cha Livingstone. Njerwa zache nzazikulu kuposa za makono, zoumbidwa m'chikombole cha matabwa, ndipo pa zina paoneka zala za woumba, pa imodzi phazi la mwana amene anaponda isanaume. Anazimanga ndi dothi, osati simenti, ndipo makoma akali oongoka. Pamwamba pa khomo liri lonse mmisiri anapinda njerwa ngati uta, kuti zisenze khoma popanda mtanda; luso limenelo amisiri ambiri a lero analiiwala, popeza athira konkire. Mazenera ngang'ono, oyang'ana kumene sikuchokera mvula. Pakhoma la chipinda chachitatu pali mwaye wa nyali, ndipo pansi pache wina analemba masamu ndi msomali. Khondelo ndilo linali kalasi lao la usiku: kumeneko Mchewa, Myao, Mngoni ndi Mlomwe, anthu amene makolo ao anathirana nkhondo, anakhala khomo ndi khomo, akazi ao napemphana moto ndi mchere. Chalichi chitiuza kumene anthuwo anapemphera. Laini itiuza m'mene anakhalira, ndipo sukulu zonse za kumidzi zimene ife tiphunzitsamo zinatuluka m'makomo 6 amenewo.

Wina adzati, Koma simunabadwe munthu womveka m'menemo. Tiyankha kuti mwina nchifukwa chakuti sitinafunse. Muno muli agogo amene anabadwira m'lainimo, ndi ena amene anakwatiwa akuchokera m'menemo. Ndiponso taona kale kuti ku Scotland dzina lomveka linali ngati chingwe chokokera, koma chokokedwacho chinali nyumba ya anthu wamba. Wina adzati, Ndalama ziri kuti? Tinafunsa amisiri awiri a mumpingo uno, ndipo atayendera anati maziko ngabwino. Choipa ndi denga, pakuti malata a kumapeto anasasuka, ndi chiswe chadya mitanda ya zipinda ziwiri. Nyumba ya njerwa ndi dothi iphedwa ndi madzi, ochokera kumwamba kapena okhala patsinde pa khoma. Tikakhoma malata, tikasintha mitanda yodyekayo, tikakumba ngalande kuti madzi a padenga apite kutali, nyumbayo idzaima zaka zina zambiri. Anatichenjezanso kuti tisaimate simenti pofuna kuikometsa, pakuti simenti itsekera chinyezi m'kati, ndipo njerwa zofewa zifumbutuka kuseri kwache. Ifuna dothi kapena njereza, monga anachitira eni ache. Mutu umodzi susenza denga, anatero akulu. Koma mipingo yathu ya kumidzi ikagawana, wina malata awiri, wina mtanda, wina tsiku la nchito, katunduyo sadzalemera. Ndipo njerwa za m'laini, mukaziwerenga, sizingakwane ngakhale khoma limodzi la holo. Uvuni umodzi wa anyamata athu udzapereka zoposa.

Sitinena kuti nyumbayo ikhale yotseka, yongoyang'anidwa, pakuti nyumba yopanda anthu ifa msanga. Zipinda zisanu zigwire nchito: china chisunge mabuku akale a ubatizo ndi a sukulu, amene tsopano ali m'katoni, china chikhale chowerengeramo ana, zina zigone alendo a misonkhano. Koma chimodzi, chachitatu chija cha mwaye ndi masamu, chisiyidwe monga chiri, ndi mphasa, ndi mtsuko, ndi nyali ya koloboyi, ndi sileti, kuti mphunzitsi akadza ndi ana ache asafunenso phulusa.

Pempho lathu kwa Abusa ndi akulu a mpingo ndi ili: mlandu wa laini usagamulidwe kufikira bwalo la akulu litaiona ndi maso, ndipo malata osasukawo akhomedwe mvula yoyamba isanagwe, pakuti dzinja limodzi linanso likhoza kugamula mlanduwo m'malo mwathu. Mawa, atatha mapemphero a m'mawa, ife aphunzitsi tidzakhala pakhonde la laini ndi makope athu. Tipempha agogo onse amene anagonamo, kapena amene makolo ao anagonamo, adze adzatilozere khomo lao ndi kutiuza maina, kuti tilembe. Amene miyendo yawavuta atumize mdzukulu, ndipo ife tidzawalondola kwao. Anyamata abwere ndi makwerero ndi matsache.